Chiopsezo Choyamba: Bambo Ake

Bambo ake a Wautoto anazimitsa makina owotcherera zitsulo, n'kukwezera chigalasi chakuda choteteza maso pamphumi. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, kenako n'kubwereranso kunsapato.

"Ndiwe amene umaima pageti langa madzulo ngati mlonda wosalembedwa ntchito?"

"Ndine, bambo."

"Nkhope yako ndimaiona m'kontena la ofesi muja ndikabweretsa mafelemu a mawindo. Omanga amakutcha Ndandanda. Tandiuza, umagwira ntchito yanji kwenikweni?"

Funso limeneli ndinaliyeserera masiku atatu pagalasi, koma pamaso pawo mawu onse anandithawa. Ndinanena motsitsa kuti ndine kalaliki pamalo pomwe tikumanga nyumba yosanja ija, ndipo Loweruka lililonse ndimapita ku kosi kuti m'tsogolo ndidzakhale manijala wa pulojekiti.

"Ndiye kuti chiyani chimenecho? Lankhula ngati ukuuza munthu."

"Ndimakonza ndondomeko, bambo. Womanga ayambe liti, wamagetsi alowe liti, simenti ifike tsiku lanji. Kuti ntchito ithe pa nthawi yake."

"Oo! Ndiwe wotchi."

Kuseri kwa mulu wa mafelemu kunamveka munthu akudziletsa kuseka. Anali Wautoto, mwana wawo mmodzi yekhayo. Amamutcha choncho chifukwa ndiye amapaka utoto chilichonse chotuluka m'shopu imeneyo, ndipo pamkono pake sipasowa kadontho kofiira kapena kabuluu. Tinadziwana miyezi isanu ndi itatu yapitayo atabweretsa mapepala a katundu kuti ndisaine. Ndinasaina malo olakwika katatu, iye akungondiyang'ana.

Bambo ake analoza chitseko chachitsulo chotsamira khoma. Dzanja lawo lamanja linali lomangidwa bandeji yodetsedwa ndi mwaye.

"Icho ndapanga ndine. Nditafa mawa chidzatsala chikutseka nyumba ya munthu. Iwe utafa mawa chako chotsala n'chiyani? Pepala? Ndiponso ndamva kuti abwana ako agula pulogalamu ya kompyuta yochita zomwe ukunenazo. Mnyamata wa tayi uja wa kuntchito kwanu anandiuza ndi pakamwa pake kuti pakatha zaka zisanu anthu ngati iwe mudzasowa ngati matelefoni a zingwe."

Ndinayang'ana pansi. Panali tizidutswa ta waya ndi mapazi a nkhuku.

"Mvera tsono. Denga la nyumba yanu ija likwera Lachisanu la mlungu wachitatu kuchokera lero. Tsiku limenelo ubwere ndi kalata ya ntchito yokhazikika, yodinda sitampa. Popanda kalatayo, geti langali uziliona patali. Mwana wanga sindimupereka kwa wotchi yoti mawa iima."

Anatsitsa chigalasi chija. Makina analiranso.

*

M'mawa mwake ku kosi, mnyamata wina wa pabenchi yakumbuyo anafunsa funso lomwe tonse linatikhala pakhosi.

"Aphunzitsi, tiuzeni zoona. Ntchito tikuivutikirayi idzakhalapo? Kapena tikungotha nsapato?"

Aphunzitsi athu ndi mayi amene anayendetsapo ntchito zomanga milatho, ndipo sadziwa kunyengerera munthu. Anaika choko patebulo.

"Mapepala apita, musadzinamize. Ndandanda, malipoti, kukumbutsa anthu masiku, zonsezo makina akuchita kale, ndipo sadwala mutu ngati inu. Koma makina sangapite kwa womanga amene wakwiya n'kukamupepesa. Sangazindikire kuti wamagetsi ndi wamipope asiya kupatsana moni. Makina atenga mapepala. Inu mutsala ndi anthu."

Kalasi yonse inaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo.

Ntchito imeneyi ndinaikonda chifukwa cha mapepala omwewo. Pepala silikufunsa chifukwa chake ukuyang'ana pansi. Pepala limadikira mpaka mawu abwere. Kusekondale mayankho ndinkawadziwa, koma mphunzitsi akandiloza lilime linkalemera ngati njerwa yonyowa. Tsono gawo limene ndimalitha ndi limene likupita, ndipo limene likutsala ndi limene ndakhala ndikulithawa chibadwire.

Potuluka aphunzitsi anatipatsa ntchito yokachita kunyumba.

"Aliyense atenge chinthu cha m'moyo wake chimene chikumusowetsa mtendere, achilembe ngati pulojekiti. Zochita, masiku, ziopsezo, ndi anthu okhudzidwa. Musaiwale anthu okhudzidwa! Kusiya mmodzi ndiye tchimo loyamba la ntchito yathuyi."

*

Mnyamata wa tayi uja tonse timamutcha Atayi. Anatumizidwa ndi kampani yomwe inagulitsa pulogalamu ija, ndipo amavala tayi ngakhale fumbi la simenti lili koboo. Anamupatsa mpando m'kontena mwathu, pafupi ndi desiki yanga.

"Akulu a Ndandanda," anatero Lolemba akuyang'ana bolodi langa la timapepala tamitundumitundu, "ichi tichitsitse liti? Omanga akusowa poyanika matawulo."

Ndinamwetulira ngati nthabwalayo yandikoma.

"Ndiponso ndani wasuntha tsiku la mafelemu? Pulogalamu inaika lero, wina walikankhira Lachinayi. Pulogalamu silakwa, akulu. Amalakwa ndi anthu."

Ndinasuntha ndine, koma chifukwa chake sichinali cholemba m'kompyuta.

Masana Wautoto analowa ndi mapepala ake. Ndinasaina malo oyenera. Koma m'malo motuluka, anakoka chigubu chopanda kanthu n'kukhala pafupi ndi laputopu ya Atayi. Mlungu umenewo anachita zimenezi kanayi, ndinawerenga. Ankanong'onezana, mitu ili pafupi, chala cha Atayi chikuyendayenda pagalasi.

"Manja ngati awa si a utoto, asisi," ndinamumva akunena tsiku lina. "Mukuwaononga."

Wautoto anaseka. Anandiyang'ana pang'ono, ine n'kuthawitsira maso pa pepala limene ndinali nditaliwerenga kale kasanu.

Ndili m'basi pobwerera ndinamulembera Wautoto pafoni kuti, "Mumakambirana chiyani ndi Atayi?" Ndinafufuta. Ndinalemba kuti, "Kodi ndakulakwira?" Ndinafufutanso. Chimene ndinatumiza n'chakuti, "Wafika bwino?"

"Ndafika. Bwanji lero unangoti duu ngati thumba la simenti?"

"Ndinatanganidwa."

"Bodza. Pepala lija linali chadodolido. Usaope iwe, pali chinthu ndikukonza. Udzadziwa posachedwa."

Uthenga umenewo ndinauwerenga mpaka ndinapitirira siteji yanga.

*

Lachitatu la mlungu wachiwiri, madzulo onse ataweruka, ndinatsala ndekha m'kontena. Kwathu kulibe kompyuta, ndipo ntchito ya aphunzitsi ija inali isanalembedwe. Ndinatsegula pulogalamu ya Atayi. Ndivomere, ndi yokongola. Ukalemba chochita chimodzi, yokha imajambula mzere, yokha imawerenga masiku otsala.

Pamwamba ndinalemba dzina la pulojekiti, potengera geti la kwa Wautoto: Geti la Buluu.

Zala zanga zinathamanga kuposa mmene pakamwa panga panathamangirapo. Nambala 1, kugula polishi wa nsapato. Nambala 6, kuphunzira mayina a zitsulo zonse za m'shopu. Nambala 9, kuyamikira mafelemu a bambo ake, kawiri pa mlungu, osapitirira, angazindikire. Nambala 14, kumugulira Wautoto mafuta a m'manja. Nambala 22, kupempha kalata ya ntchito kwa abwana, koma pa tsiku limene alowa akuimba mluzu. Zonse zinakwana 31, ndipo chomaliza chinali chakuti geti latseguka.

Kenako ziopsezo. Choyamba: bambo ake. Kukula kwake: chachikulu zedi. Chochita: osatsutsana nawo ngakhale atalakwa. Chachiwiri: Atayi. Chochita: kupirira mpaka kontirakiti yawo ithe, ndiponso tayiyo ndi imodzi yomweyo masiku onse. Chachitatu: ine mwini, makamaka pakamwa. Pa chochita ndinasiya popanda kanthu.

Kumapeto kunali kabokosi ka anthu okhudzidwa. Nditangokakhudza, pulogalamu inanditsitsira mayina a onse amene timagwira nawo ntchito, ndi manambala awo a foni. Bambo ake analipo monga opereka mafelemu. Wautoto analipo. Atayi, abwana, onse. Mawu a aphunzitsi anandilira m'makutu. Ndinachonga onse anayi mosamala ngati mwana wa sukulu wofuna kukhoza, n'kusunga.

Kwa nthawi yoyamba chiyambire tsiku la m'shopu lija ndinapuma bwino. Mantha anga onse anali m'mizere, uliwonse ndi tsiku lake.

*

Ndinkadziwa kuti pulogalamu ija imatumiza mauthenga okumbutsa anthu kawiri pa tsiku, seveni koloko m'mawa ndi folo koloko masana. Ndinkaiona ikuchita zimenezi kwa omanga. Sizinandifike m'mutu kuti kwa iyo pulojekiti ndi pulojekiti basi.

Lachinayi seveni koloko ndinali ndikulowa pageti la kuntchito pamene foni yanga inalira. Foni ya Atayi inaliranso. Anaima pamwamba pa mulu wa mchenga, anawerenga, kenako anakuwa.

"Amisiri nonse, tabwerani! Kwabwera pulojekiti yatsopano!"

Anabwera ndi mafosholo awo. Atayi anawerenga zonse mokweza, mosathamanga, ngati wolengeza uthenga wofunika. Atafika pa mluzu wa abwana, womanga wina wachikulire anakhala pansi n'kugwira mimba. Atafika pa tayi, mawu ake anasintha pang'ono, koma omanga anali atamva kale.

"N'zoona! Ndi imodzi yomweyo!" anakuwa wamipope.

"Ndandanda, polishi uja wagula? Nambala wani imeneyo, usachedwetse ntchito!" anawonjezera wina.

Ndinathamangira m'kontena kuti ndikafufute, koma kompyuta inandikana. Atayi analowa pambuyo panga akukonza tayi yake.

"Ndakutsekerani, akulu. Mwaseweretsa katundu wa kampani. Ndipo pulojekiti yanuyi sindiifufuta, ndi chitsanzo chabwino kwambiri. Izingokumbutsa mpaka tsiku lomaliza."

Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Wautoto.

"Zochita 31. Ndawerenga zonse kawiri."

Ndisanayankhe unabwera wina.

"Musandiimbire, a Ndandanda."

Chiyambire mwezi wachiwiri wa kudziwana kwathu anali asananditchulepo kuti inu.

Abwana anandiitana nthawi ya tiyi. Sanali kuimba mluzu.

"Mnyamata iwe, ndaseka, sindikana. Koma poti nambala 22 yandipeza kale pafoni, ndikuyankhiretu. Desiki ija ndi imodzi, ndipo akuluakulu akufuna pakhale munthu wodziwa pulogalamuyi bwinobwino. Alipo amene waphunzitsidwa, ayamba Lolemba. Iwe ukhala nafe mpaka denga likwere. Zikatero tidzaona."

Ndagwira ntchito zaka ziwiri pamenepo. Ndikudziwa tanthauzo la tidzaona.

*

Ndimakhala ndi mlongo wanga wamkulu, amene amagwira ntchito ku saluni. Ndinamupeza akusita pakhonde, dzuwa lisanalowe. Ndinamupatsa foni. Anawerenga, anaika simbi pansi, n'kuseka mpaka misozi.

"Mayo ine! Kawiri pa mlungu, osapitirira! Iwe mwana wa amayi anga, unabadwa bwanji?"

"Asisi, musaseke. Zonse zatha. Ntchito yatha, mtsikana watha."

Ataona nkhope yanga analeka. Anandikokera pampando.

"Tsono ukuganiza zotani?"

"Ndiwalembera kalata yopepesa. Bambo akewo ina, iye ina. Ndayamba kale m'basi."

Ananditsomphola kapepalako m'thumba la malaya, n'kukaika pansi pa simbi yotentha mpaka kanachita bulauni.

"Asisi!"

"Pepala ndi limene lakufikitsa pano. Mawa upite ndi miyendo yako, ndi pakamwa pako pomwepo."

"Ndikakaima pamaso pawo mawu sabwera. Mukudziwa inu."

"Ndiye ukaime choncho mpaka abwere. Akakakuthamangitsa, akuthamangitse ukuyesa. Ine akazi ndimawamva tsiku lonse ndikuwaluka tsitsi. Sindinamvepo wina akunena kuti ndinamukonda chifukwa ndandanda yake inali yowongoka."

Anatenganso simbi. Patapita kanthawi anafunsa osandiyang'ana.

"Nanga polishi unagula?"

"Ndinagula."

"Chabwino. Chimodzi chatheka."

*

Lachisanu masana ndinapempha abwana kuti ndituluke msanga. Ndinafika pageti la buluu itangokwana fili koloko. Ndinaima panja mphindi khumi ndikuyang'ana loko. Kenako ndinakankha.

Bambo ake anali atakhala pa benchi, foni ili m'dzanja, ngati ankandidikira.

"Lowa, wotchi. Foni yanga yalira katatu chiyambire dzulo. Akuti ndine chiyani? Dikira ndivale magalasi." Anawavala mosafulumira. "Chiopsezo choyamba. Chachikulu zedi. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala pa dziko lino. Anditchulapo wouma mtima, anditchulapo wankhanza. Koma chiopsezo, wayamba ndiwe."

"Pepani, bambo."

"Akuti uzindiyamikira mafelemu kawiri pa mlungu. Mlungu uno sunayambe. Yamba, ndikumva."

Ndinayang'ana mafelemu otsamira khoma, ndipo chifukwa ndinalibe china chonena, ndinanena chimene ndinkachidziwa.

"M'makona mwake mulibe mabala. Mafelemu a kampani ina ija tinkachita kuwamenya ndi hamala kuti alowe. Anuwa amangolowa. Omanga amakanganirana kuika anu."

"Zili pa nambala ziti zimenezo?"

"Palibe, bambo. N'zoona chabe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Osatsutsana nawo ngakhale atalakwa. Ndiye kuti ndinalakwa pati? Nena. Lero ndakuloleza."

Ndinakumbukira simbi ya asisi.

"Munati ndine wotchi. Wotchi siona, bambo."

"Iwe umaona chiyani?"

"Ndinaona dzanja lanu. Pulogalamu inafuna mafelemu makumi awiri Lolemba lija. Ndinadziwa kuti simungakane, mugwira ndi dzanja lopsalo mpaka litupe. Ndiye ndinauza wopaka pulasitala kuti ayambe mbali ya kumbuyo, mafelemu n'kuwakankhira Lachinayi. Ntchito sinachedwe ngakhale tsiku limodzi."

Anatembenuza dzanja lija, bandeji inali itachoka, panatsala chipsera chotuwa.

"Ndinkayesa ndi kompyuta yandichitira chifundo."

"Ilibe chifundo, bambo. Ilibenso nkhanza. Imangowerenga."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali.

"Pakamwa uli napo, kani. Umangopabisa." Anaimirira. "Koma mawu anga sindibweza. Maso abwino sadyetsa banja. Denga likwera Lachisanu likubwerali, kalata ndikuifuna. Za chiopsezo chachikulu usavutike nazo, ine ndine wamng'ono. Chachikulu chili kuseri uko, chikupaka utoto. Kuyambira dzulo sichinandiyankhule ngakhale ine."

*

Kuseri kwa shopu kuli kabwalo kakang'ono kofoleredwa ndi malata akale. Wautoto anali atagwada pa katoni, akupaka felemu utoto wofiira. Anamva mapazi anga koma sanatembenuke.

"Mwabwera pa nambala ziti, a Ndandanda? Ndione ngati ndili pa nthawi."

"Sindinabwere pa nambala."

"Mafuta a m'manja mwabweretsa? Ndi nambala 14 imeneyo. Ndili pakati pa kumeta tsitsi ndi kusokesa thalauza. Ndathokoza, malo abwino."

"Inali ntchito ya kusukulu. Sindinkafuna kuti ifike kwa munthu. Ndinkachita mantha, ndiye ndina..."

"Mukuganiza kuti ndakwiya chifukwa omanga aseka?" Anaika bulashi pa chitini n'kuimirira. Maso ake anali ofiira. "Aseke. Ine ndasekedwapo ndi utoto kumaso kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ndinawerenga kawiri chifukwa ndinkafuna chinthu chimodzi. Ndinati mwina ndachidumpha. Polishi alipo. Abwana alipo. Bambo anga alipo malo asanu ndi awiri. Ngakhale tayi ya munthu ilipo. Tandionetsani pamene palembedwa kuti kumufunsa mwini wakeyo ngati akufuna."

Ndinatsegula pakamwa. Ndinayenda m'mutu kuchokera nambala 1 mpaka 31. Ndandanda imeneyo ndinkaidziwa ngati dzina langa.

Panalibe.

"Miyezi isanu ndi itatu," anapitiriza. "Mumandiperekeza, mumandifunsa ngati ndafika bwino. Munapita kukaima pamaso pa bambo anga. Koma ine simunandifunsepo. Bambo akuti mwana wanga sindimupereka. Inu mukuti geti latseguka. Nonse awiri mukukambirana ngati ndine felemu, wina wopanga, wina wosainira."

Manja anga anapita okha m'thumba la malaya kukafuna pepala. Munalibe. Makina a bambo ake anayamba kulira kutsogolo, mwina dala.

Ndinaima. Mawu sanabwere. Ndinaimabe. Ndinayang'ana kadontho kofiira pa mkono wake, kenako ndinadzikakamiza kukweza maso mpaka ndinapeza ake.

"Ndinaopa kuti ukana. Bambo ako akakana, ndingathe kukonza ndondomeko ina. Iwe ukakana, ndilibe ina. N'chifukwa chake sindinalembe." Sindinachotse maso pa iye. "Ndimakukonda. Sindikudziwa ngati ntchito yangayi idzakhalapo. Sindikudziwa chimene ndidzakhale. Kodi ukundifuna, ngakhale zili choncho?"

Msozi umodzi unatsika, anaupukuta ndi kuseri kwa dzanja n'kusiya mzere wofiira patsaya.

"Chitsiru iwe. Ndinakufuna tsiku limene unasaina malo olakwika kachitatu."

Ndinatsamiritsa dzanja pa felemu, n'kuiwala kuti utoto ndi wauwisi. Anaseka akulira. Kenako kusekako kunazima.

"Usasangalale msanga. Pali china."

Anapukuta manja pa chinsanza, n'kutulutsa envulopu m'thumba la ovolosi. Anaigwira m'mphepete kuti isade.

"Unkafuna kudziwa zimene ndinkakambirana ndi Atayi. Ankandiphunzitsa pulogalamu ija. Ndinamupempha ndine. Iye anali ndi zolinga zake, ndikudziwa, koma ine ndinkafuna kuchoka pa utotowu. Taona manja angawa." Anawatambasula. Khungu linali long'ambikang'ambika m'zala. "Ndinkaganiza kuti aika desiki yachiwiri m'kontena muja. Ndinati tizidzagwira limodzi, iwe anthu ako ndi masiku ako, ine kompyuta. Ndinkafuna ndikudzidzimutse. Abwana ako andipatsa iyi lero m'mawa. M'pamene ndadziwa kuti desiki ndi imodzi."

Ndinatsegula ndi dzanja lopanda utoto. Inali kalata ya ntchito yokhazikika, yodinda sitampa pansi kumanja, yofanana ndendende ndi imene ndakhala ndikuilota milungu iwiri. Dzina lokha ndi limene silinali langa.

"Akufuna ndisaine pofika Lolemba. Ndikakana, mwina akusunga iwe, poti wina wodziwa palibe. Ukhala ndi kalata yako, bambo atsegula geti. Ndikasaina..." Sanamalize. "Iwe wandifunsa, ndayankha. Tsono ndikufunsa ine. Ndisaine?"

Ndinayang'ana sitampa ija. Kunena kuti ayi kunali kosavuta, mawu amodzi okha, ndipo akanandimvera, ndinaona m'maso mwake. Akanabwerera pa katoni paja ndi bulashi yake, chaka chino ndi chamawa. Ndinayang'ananso zala zake.

Cholembera changa chimakhala m'thumba la malaya nthawi zonse. Ndinachitulutsa n'kuchiika m'dzanja lake. Chinadetsedwa ndi utoto wofiira.

"Saina. Malo oyenera ndi awa, pansi apa. Usalakwitse ngati ine."

"Nanga iwe? Nanga bambo?"

"Sindikudziwa."

Aka kanali koyamba m'moyo wanga kunena mawu amenewo popanda kufuna pepala loti ndiwabisepo.

Anatsamiritsa kalata pa khoma n'kusaina. Asanachotse cholembera, foni yanga inalira m'thumba. Yake inaliranso pa windo. Kutsogolo makina anazima, ndipo m'kachetechete mmenemo tinamva foni yachitatu ikulira pa benchi ya bambo ake. Inali folo koloko.

Sitinasowe kutsegula, koma bambo ake anawerenga okha mokweza, kuti mawu adutse khoma.

"Geti la Buluu. Kalata ya ntchito: sinapezeke. Kwatsala masiku asanu ndi awiri." Anakhosomola. "Wotchi! Wamva?"

Wautoto anapinda kalata ija msangamsanga n'kuibisa m'ovolosi. Pa ngodya yake panali patadinda kale chala changa chofiira.

"Ndamva, bambo," ndinayankha.